Funsani za Sayansi: Maselo a ubongo oleredwa pa kagalasi

Mwezi uno makalata ndi mauthenga a pa WhatsApp amene afika ku ofesi yathu ku Lilongwe achuluka pa nkhani imodzi, ya tizipangizo ting'onoting'ono timene akatswiri amagwiritsa ntchito pofufuza maselo amoyo. Tasankhapo asanu, ndipo ena tawadula pang'ono kuti akwane pa tsamba.

FUNSO: Ndili mu Fomu 4 ndipo ndimakonda Biology. Mnzanga anandionetsa kanema pa foni wonena kuti asayansi amalera maselo a ubongo pa kagalasi kochepa ngati chikhadabo, n'kumawamva akulankhula. Kodi n'zoona, nanga kagalasi kameneka amakapanga bwanji?
Wophunzira, Area 25

YANKHO: Mnzanuyo sanakunamizeni, kungoti mawu akuti "kulankhula" ndi ophiphiritsa. Maselo amene amanyamula uthenga mu ubongo ndi m'mitsempha, omwe buku lanu limawatcha ma neuron, amatumiza uthenga pogwiritsa ntchito timphamvu ta magetsi tochepa kwambiri, ndipo kamphamvu kalikonse kamabwera n'kuzimirira pa nthawi yongokwana gawo limodzi kapena awiri mwa magawo 1,000 a sekondi. Makina amakuza timphamvuti n'kutionetsa pa kompyuta ngati timizere tosongoka, ndipo ofufuza ena amalumikizadi makinawo ku sipika, kumene phokoso lake limamveka ngati mbuliwuli zikuphulika m'chiwaya.

Chimene chakhala chikuvuta pa kafukufuku ameneyu ndi kuchepa kwa selo. Yang'anani milimita imodzi pa rula yanu, ndipo muigawe m'maganizo magawo 1,000. Gawo limodzilo ndiye maikulomita. Tsitsi la munthu limanenepa maikulomita pakati pa 50 ndi 100, selo lofiira la m'magazi limatambalala maikulomita pafupifupi 8, pamene ulusi wautali umene neuron imatumizira uthenga, wotchedwa axon, nthawi zambiri mu ubongo supitirira maikulomita imodzi kapena awiri. Alan Hodgkin ndi Andrew Huxley, amene anafotokoza mu 1952 mmene uthenga umayendera mu ulusi umenewu ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1963, ankachita kupita ku Plymouth, m'mphepete mwa nyanja ku England, kukafuna nyama ya m'madzi yotchedwa squid, chifukwa axon yake imanenepa pafupifupi theka la milimita, moti munthu angathe kulowetsamo kawaya. Iwowo ankasaka selo lalikulu lolingana ndi chida chimene anali nacho. Akatswiri a masiku ano anaitembenuza nkhaniyo, ndipo amachepetsa chida mpaka chilingane ndi selo wamba. Kwa ine, apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya tizipangizoti.

Kagalasi kamene munaonako kamakhala ndi timadontho ta chitsulo chosachita dzimbiri, monga golide kapena platinamu, toikidwa m'mizere. Kadontho kalikonse kamatambalala maikulomita 10 mpaka 30, ndipo kamakhala ndi kanjira kake ka chitsulo kokwiriridwa bwino kopita m'mphepete, kumene kamakalumikizana ndi makina. Magalasi ofala amakhala ndi timadontho pafupifupi 60, pamene amakono amakhala nato masauzande ambiri. Maselo amathiridwa pamwamba pake ali m'madzi a chakudya, amamatirira, ndipo pakatha sabata imodzi kapena ziwiri amakhala atatulutsa nthambi, atalumikizana, n'kuyamba kutumizirana uthenga popanda wowatuma. Kachipangizo koyamba ka mtundu umenewu kanafotokozedwa mu 1972 ndipo kanayesedwa pa maselo a mtima wa mwanapiye wosaswedwa, kenaka mu 1980 Jerome Pine anasonyeza kuti neuron imodzi payokha ingamvetseredwe mwa njira yomweyo. Popeza selo silibayidwa, maselo omwewo angathe kumvetseredwa kwa milungu kapena miyezi.

Kapangidwe kake kamadalira kuwala, chifukwa palibe mpeni kapena dzanja limene lingaseme chinthu chochepa chotere. Katswiri amatenga kambale kosalala ka silikoni kapena galasi, n'kukapaka mankhwala amene amasintha akawalidwa ndi cheza champhamvu cha UV. Pamwamba pake amaika chotchinga chimene chili ndi chithunzi cha zimene akufuna, monga mmene wolemba zikwangwani amaikira pepala lobooledwa zilembo asanapopere penti. Akawalitsa chezacho n'kutsuka, mankhwalawo amatsala malo ena n'kuchoka malo ena motsatira chithunzi chija, ndipo mwa njira imeneyi amaika timadontho ta chitsulo pamene akufuna. Akafuna tingalande toyendamo madzi, mizere yotukuka imene yatsala pa kambaleko imakhala chikombole. Woumba njerwa amadziwa kuti chikombole chimodzi chabwino chimatulutsa njerwa zambirimbiri, ndipo kunonso ndi chimodzimodzi: pa chikombolecho amathirapo labala wamadzimadzi woonekera mkati wotchedwa PDMS, amamuumitsa mu uvuni yosatentha kwambiri, n'kumusenda. Pamene panali mzere wotukuka, m'labalamo mumatsala ngalande. Kenaka amaboola polowera ndi potulukira madzi, n'kumamatiza labalayo pa galasi kuti ngalandezo zitsekeke pansi. Njira imeneyi inafalitsidwa ndi gulu la George Whitesides la ku Harvard University cha m'ma 1998, ndipo inatchuka chifukwa labalayu ndi wotsika mtengo, amalola mpweya wa okosijeni kudutsa kuti maselo apume, komanso munthu amaona zonse zochitika mkati pa maikulosikopu. Chilema chake n'chakuti amayamwa mankhwala ena, choncho woyesa mankhwala pa maselo ayenera kusamala kuti asaganize kuti selo lalandira mlingo wonse pamene gawo lina latsalira m'khoma la ngalande.

FUNSO: Ndimakonza mafoni. Tizipangizo timene mukunenati tikusiyana bwanji ndi ma IC amene timasintha pa bodi ya foni?
Wokonza mafoni, Malangalanga

YANKHO: Achimwene, tizipangizoti ndi pachibale ndi ma IC anuwo, tizidutswa ta silikoni tija tokhala ndi tinjira tambirimbiri ta magetsi, chifukwa luso lojambula ndi kuwala pa silikoni linakulira m'mafakitale a zamagetsi, ndipo a zamoyo anachita kubwereka. Tina mwa ito ndi ma IC enieni: kachipangizo kotchedwa Neuropixels, kamene kanatuluka mu 2017 kuchokera ku bungwe la imec ku Belgium, ndi kasingano ka silikoni kotalika milimita 10 ndi kotambalala maikulomita 70, kokhala ndi malo omvetsera 960, ndipo kamalowetsedwa mu ubongo wa nyama za mu labotale. Kusiyana kwake inu mukudziwa bwino kuposa ine. Foni ikagwera m'madzi mumathamangira kuiumitsa, pamene tizipangizoti timayenera kugwira ntchito titamira m'madzi amchere ofunda kwa milungu yambiri, motero nzeru zambiri zimathera pa kutchinga timawaya kuti madzi asatikhudze kupatula pa kadontho komvetsera pokha.

Madzi nawo amasintha khalidwe akalowa m'ngalande yochepa ngati tsitsi. Pamene Lingadzi amathira mu mtsinje wa Lilongwe nthawi ya dzinja, madzi amawinduka n'kusakanikirana posachedwa, koma m'kangalande kotere madzi a mitundu iwiri amayenda moyandikana mwabata, aliwonse mbali yake, n'kumalowererana pang'onopang'ono pamalire pokha. Chifukwa cha khalidwe limeneli, wofufuza angathe kuthira mankhwala mbali imodzi ya selo limodzi n'kusiya mbali inayo.

FUNSO: Ndine namwino. Tsiku lililonse ndimaona ana a malungo, ndipo nthawi zina olumidwa ndi agalu. Sindikuona chimene kulera maselo pa galasi ku Ulaya ndi ku America kungatithandize ife kuno. Kodi si masewera a mayiko olemera?
Namwino, Kawale

YANKHO: Mayi, funso lanu ndi loyenera, ndipo sindikuuzani kuti kagalasi kameneka kachiritsa mwana amene ali pa benchi panu mawa m'mawa. Komabe matenda awiri amene mwatchulawo ali m'gulu la amene tizipangizoti tathandiza kuwamvetsa.

Ndiyambe ndi malungo. Mukudziwa kuti mwana amene malungo afika ku ubongo amakomoka, ndipo muyezo umene mumagwiritsa ntchito poona kukomokako, Blantyre Coma Score, unapangidwa konkuno ndi Malcolm Molyneux, Terrie Taylor ndi anzawo mu 1989. Mu 2015, kafukufuku wochitikira pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre pogwiritsa ntchito makina a MRI anasonyeza kuti ana ambiri amene amamwalira ndi malungo a mtundu umenewu amakhala ndi ubongo wotupa kwambiri. Makina a MRI amaonetsa ubongo wonse, koma sangaonetse chimene chikuchitika m'kamtsempha kamodzi ka magazi kochepa kuposa tsitsi, ndipo palibe dokotala amene angasuzumire m'menemo mwana ali moyo. Mu 2003, ofufuza a ku University of Washington ku Seattle anapanga tingalande ta labala uja totambalala maikulomita 8, 6, 4 ndi 2, n'kudutsitsamo maselo ofiira limodzilimodzi uku akuyang'ana pa maikulosikopu. Maselo abwinobwino ankadzipinda n'kudutsa paliponse, ngakhale pa mpata wa maikulomita 2, ndipo maselo amene kachilombo ka malungo kanali katangolowa kumene nawonso ankadutsa. Koma kachilomboko kakakula mkati, selo linkauma thupi n'kumakanika pa mipata yochepa, ndipo kakakhwima mpaka kuyamba kugawikana, selolo linkalephera kudutsa ngakhale pa mpata wa maikulomita 6, n'kutseka njira. Madokotala anali akuganizira kale zimenezi poona matupi a omwalira, koma apa anaziona zikuchitika, selo ndi selo. Masiku ano gulu la Maria Bernabeu la ku bungwe la kafukufuku la EMBL ku Barcelona limalera timitsempha topangidwa ndi maselo a mitsempha ya magazi ya mu ubongo wa munthu, n'kudutsitsamo magazi a malungo kuti lione pamene maselo odwalawo amamatirira ndi mmene khoma la mtsempha limayambira kuchucha.

Nkhani ya chiwewe ndi imene imandichititsa chidwi kwambiri, chifukwa kachipangizo kake ndi kosavuta kumvetsa. Mu 2005, Anne Taylor ndi Noo Li Jeon a ku University of California ku Irvine anafotokoza kachipangizo ka zipinda ziwiri zolumikizidwa ndi tingalande totambalala maikulomita 10 ndi kuya maikulomita 3. Thupi la neuron silingalowe pa mpata wotere, koma ulusi wake umalowa n'kukatulukira chipinda chachiwiri, monga dzungu lodzalidwa kuseri kwa mpanda limene limayanga n'kudutsa pa kampata kukabereka kwa aneba, muzu wake uli kwanu. Kangalandeko kakatalika maikulomita 450, nthambi zifupizifupi za selo zimalephera kuoloka ndipo imaoloka ndi axon yokha. Akadzaza madzi ochulukirapo pang'ono mbali ya matupi a maselo, chilichonse chothiridwa mbali inayo sichingabwerere chokha, motero chikapezeka kwa thupi la selo ndiye kuti chadzera mkati mwa ulusi. Maganizo ogawa selo m'zipinda anayamba ndi Robert Campenot mu 1977, amene ankagwiritsa ntchito kampanda ka pulasitiki ya Teflon komata ndi girisi, koma kanali kovuta kumanga ndipo kankakonda kudontha.

Pogwiritsa ntchito zipinda zoterezi, gulu la Eran Perlson la ku Tel Aviv University linasonyeza mu 2014 kuti kachilombo ka chiwewe kamagwira pa malo ena a kunsonga kwa ulusi amene selo limalandirira uthenga wa kakulidwe kake, ndipo selo limakanyamula lokha kupita nako ku thupi lake, mofulumira kuposa mmene limanyamulira uthenga weniweniwo. Ulendo wa m'mitsempha umenewu ndi umene umafotokoza zinthu zimene inu mumaziona: chifukwa chake matendawa amabisala kwa miyezi iwiri kapena itatu asanaonekere, chifukwa chake bala la kumaso kapena pakhosi ndi loopsa kuposa la kumwendo, komanso chifukwa chake kutsuka bala ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15 ndi kuyamba katemera tsiku lomwelo kuli kofunika, kachilomboko kasanakwere mtsempha. Bungwe la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri a iwo mu Africa ndi ku Asia.

Ndionjezere kuti luso loyendetsa timadzi tochepa m'tingalande linafika kale m'zipatala zathu. Katiriji ya GeneXpert imene mumathiramo makhololo poyeza chifuwa chachikulu, imene WHO inavomereza mu December 2010, ili ndi tizipinda ndi tinjira mmene makhololowo amasefedwa ndi kusakanizidwa ndi mankhwala, n'kupereka zotsatira pasanathe maola awiri. Pomwe ndikugwirizana nanu ndi pakuti kagalasi kalibe kutentha thupi, kalibe njala, ndipo sikanayende makilomita khumi pa kabaza kudzafika mochedwa, choncho chimene chapezeka pa galasi chimayenerabe kutsimikizidwa m'wodi.

FUNSO: Maselo a ubongo amenewa amawatenga kwa yani? Kodi samva ululu? Ndipo si tizipangizo timeneti timene anthu ankati tikuikidwa mu katemera?
Mkulu wa mpingo, Likuni

YANKHO: Bambo, ndiyankha mosabisa. Maselo ambiri amene amaleredwa motere amatengedwa mu ubongo wa ana a makoswe kapena mbewa za mu labotale asanabadwe, ndipo nyamazo zimafa. Gwero lina linatseguka pamene Shinya Yamanaka wa ku Japan anasonyeza mu 2006 pa mbewa, ndi mu 2007 pa munthu, kuti selo wamba la pakhungu lingabwezeredwe ku ukhanda wake kenaka n'kusandutsidwa selo la mtundu wina. Ntchito imeneyi inamupatsa mphoto ya Nobel mu 2012. Motero lero ma neuron a munthu angapangidwe kuchokera ku kachidutswa ka khungu kapena magazi ochepa a munthu wamoyo amene wavomera, popanda kukhudza mutu wake. Kuno kwathu kafukufuku wokhudza anthu amayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona za umunthu pa kafukufuku, monga NHSRC ya ku Unduna wa Zaumoyo, ndipo wopereka magazi ali ndi ufulu wofunsa kumene akupita ndi wokana.

Pa za ululu, nkhani imene inautsa mkangano ndi ya mu 2022, pamene kampani ya Cortical Labs ya ku Melbourne inalengeza kuti maselo pafupifupi 800,000 a pa kagalasi anaphunzira kusewera masewera akale a pa kompyuta otchedwa Pong. Maselowo ankalandira timphamvu ta magetsi tosonyeza pamene pali mpira, ndipo mayankho awo ankasuntha chomenyera. Akatswiri ena anatsutsa poyera mawu amene kampaniyo inagwiritsa ntchito, amene ankamveka ngati maselowo ali ndi maganizo, ndipo ine ndili mbali ya otsutsawo. Ubongo wa munthu uli ndi ma neuron pafupifupi 86 biliyoni olongosoka m'zigawo ndi olumikizidwa ku thupi, pamene pa kagalasi pamakhala chigulu chosanjikana mwachisawawa, chopanda khungu, maso kapena njira zimene ululu umadzera. Funso lanu lidzakula pamene ofufuza akulera timibulu ta maselo tokulirapo, ndipo si la asayansi okha.

Za katemera, yankho ndi lakuti ayi. Tizipangizo toikidwa mu ubongo wa munthu tilipodi, monga Utah array, kambale ka milimita 4 mbali zonse kokhala ndi timinga 100, kamene mu 2012 kanamveka pamene mayi wina wofa ziwalo ku America anayendetsa mkono wa makina ndi maganizo ake n'kumwa khofi yekha. Koma kuika kachipangizo kotere kumafuna opaleshoni yotsegula chigaza, mphamvu ya magetsi ndi makompyuta omasulira uthenga, zinthu zimene sizingadutse pa singano ya jakisoni wa pamkono.

FUNSO: Ndimaphunzitsa sayansi pa sukulu ya CDSS. Kodi Amalawi angapange tizipangizo timeneti, ndipo ndingawaonetse chiyani ana anga popanda labotale yeniyeni?
Mphunzitsi, Nsaru

YANKHO: Aphunzitsi, zopinga ndi zoonekeratu. Chikombole chojambulidwa ndi kuwala chimapangidwa m'chipinda chosefedwa mpweya, chifukwa kafumbi kamodzi n'kokwanira kutseka ngalande ya maikulomita 10, ndipo amene anakhalapo mu Lilongwe mwezi wa October akudziwa fumbi lathu. Maselo amafuna kukhala mu makina ofungatira pa madigiri 37 ndi mpweya wa carbon dioxide wokwana magawo 5 pa 100 usana ndi usiku, choncho magetsi akathima kwa maola angapo popanda jenereta, ntchito ya mwezi wathunthu imatayika. Madzi a chakudya cha maselo nawo ndi ogula kunja ndi ndalama zakunja.

Komabe chipinda chodulacho chimafunika popanga chikombole chokha, chimene chingapangidwe kwina n'kutumizidwa, pamene kuthira labala ndi kusenda kungachitike pa tebulo laukhondo. Ena anachilambalala n'komwe chipindacho. Michelle Khine atayamba ntchito pa yunivesite yatsopano ya ku Merced ku California, kumene kunalibe zipangizo zoyenera, anasindikiza mizere ndi printa wamba pa pulasitiki ya zidole za ana imene imafota ikatenthedwa, n'kuiika mu uvuni. Pulasitikiyo itafota, inki inatukuka n'kukhala chikombole, ndipo njira imeneyi inafalitsidwa mu 2008. Kuno kwathu MUBAS ku Blantyre ndi MUST ku Thyolo zimaphunzitsa uinjiniya wa zipangizo za chipatala, ndipo makina a Pumani othandiza makanda kupuma, amene anapangidwa mogwirizana ndi Rice University n'kuyesedwa pa Queen Elizabeth, akugwira ntchito m'zipatala za maboma. Ndikanakhala wolangiza, ndikanati tiyambire pa tingalande toyezera magazi a malungo ndi a sickle cell, chifukwa odwala ndi mafunso tili nawo pafupi, ndipo maselo ofiira savuta kusamala ngati ma neuron.

Pa za ana anu, gulu la Whitesides lomwe lija linasonyeza mu 2007 kuti pepala nalo lingakhale kachipangizo, ngati mwatchinga mbali zina kuti madzi ayende m'njira imene mwawasiyira. Tengani pepala losefera la mu labotale, jambulani ndi kandulo mizere yoyandikana yopanga njira ya nthambi ziwiri ngati chilembo Y, ndipo litenthetseni pang'ono pa chivundikiro cha poto chofunda mpaka phula lilowerere kuseri kwa pepala. Likazizira, donthezani madzi a chidede pa nthambi imodzi ndi madzi oyera pa inayo nthawi imodzi, ndipo muwauze ana ayang'anitsitse pamene njira ziwirizo zakumana, ayeze ndi rula utali umene madzi ofiira ndi oyera ayenda moyandikana malire ake asanafufutike. Mukabwereza ndi madzi a phulusa m'malo mwa madzi oyera, mtundu wa chidede udzasintha pamalire pokha, m'kamzere kopyapyala kamene kadzanka kakutambalala kumunsi kwa njirayo.